Pikiapu yopanda nthambo ya moto: akuyendetsa ndinu kapena kompyuta?

Funso: Ndinali ndi pikiapu yakale ya dizilo kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano ndagula ina yamakonoko, ya dizilo yomweyo, yogwirapo kale ntchito. Nditatsegula boneti ndinadabwa. Nthambo yochokera pa chopondera moto kupita ku injini palibe, pampu ya chiwongolero palibe, ngakhale kabotolo ka oyilo wake sindinakaone. Mnzanga akuti zonsezi ikuyendetsa ndi kompyuta, ndipo tsiku ikadzasokonezeka galimoto idzathamanga yokha, chiwongolero n'kuuma m'manja. Kodi ndi zoona? Chinanso, ndikaponda moto imayamba yaganiza kaye isananyamuke. Ndigule kabokosi kamene amati kamachotsa ulesi umenewu?

Yankho: Bambo, mnzanuyo waphatikiza zinthu ziwiri zimene ziyenera kulekanitsidwa. Pa nkhani ya moto walondola: pakati pa phazi lanu ndi injini palibenso nthambo, pali mawaya okhaokha. Pa nkhani ya chiwongolero walakwitsa. Pa pikiapu yanu, monganso pa magalimoto pafupifupi onse amene ali pamsewu lero, chiwongolero chikadali cholumikizana ndi matayala akutsogolo kudzera pa ndodo yachitsulo. Magetsi amangokuthandizani kukhotetsa. Akachoka, chiwongolero chimalemera, koma matayala amamverabe manja anu.

Tiyambe ndi moto. Tengani tochi, mugwade pakhomo la dalaivala, musuzumire pamwamba pa chopondera moto. Muona kabokosi ka pulasitiki ndi pulagi imene kawirikawiri imakhala ndi mawaya 6. Ali 6 chifukwa m'katimo muli masensa awiri, ndipo sensa iliyonse ili ndi mawaya ake atatu: wobweretsa mavolti 5 kuchokera ku kompyuta ya injini, wa ethi, ndi wobweza uthenga wonena pamene phazi lafika. Masensawa sanena mofanana, ndipo anachita dala. Pa magalimoto ambiri imodzi imabweza theka la zimene inzake ikubweza: iyi ikati mavolti 2, inayo iyenera kunena 1. Pa ena imodzi imakwera pamene inzake ikutsika. Kompyuta imawamvera ngati mboni ziwiri zofunsidwa m'zipinda zosiyana. Umboni ukagwirizana imachitapo kanthu, ukasemphana siikhulupirira aliyense. Waya akaduka, akakhudzana ndi mnzake, kapena madzi akalowa m'pulagi, n'kovuta kwambiri kuti manambala awiriwo asokonezeke mogwirizana. Zikatero kompyuta imayatsa nyale pa dashibodi n'kudula mphamvu ya injini. Kulimba kumene mumamva pansi pa phazi ndi kwa masipuling'i chabe, amene amabweza chopondera m'malo mwake.

Pa injini ya petulo uthengawo umakathera pa throttle body, pamene mpweya wonse wolowa mu injini umadutsa. M'kati mwake muli kachitseko kozungulira kamene kale kankakokedwa ndi nthambo ija. Lero kamatsegulidwa ndi kamota kudzera m'timagiya, ndipo nakonso kali ndi masensa awiri otsimikizira kompyuta kuti katsegukadi monga momwe yalamulira. Chinthu chofunika kwambiri pamenepa ndi sipuling'i. Mota imatsegula kachitsekoko molimbana ndi sipuling'i, ndiye magetsi akachoka, sipuling'iyo imakabweza pafupi ndi potseka, n'kusiya kampata kongokwanira kuti injini isazime ndipo galimoto ikwawe mpaka m'mbali mwa msewu. Amakaniko amati yalowa mu limp mode. Zinakonzedwa kuti chikalakwika chinthu, galimoto ifooke, isalimbike.

Yanu ndi ya dizilo, ndipo mphamvu ya dizilo imatengera kuchuluka kwa mafuta amene apoperedwa m'masilinda. Ngakhale pa pikiapu yanu yakale ija, nthambo sinkayeza mafuta. Inkangokoka kamkono pa pampu ya dizilo, ndipo m'kati mwa pampuyo munali governor, tizitsulo tozungulira ndi masipuling'i, imene inkagamula kuti mafuta apite ochuluka bwanji. Phazi lanu linali lopempha kuyambira kale, changosintha ndi wolandira pempholo. Ma injini a common rail, amene anayamba kulowa m'magalimoto ang'onoang'ono mu 1997 ndi Alfa Romeo 156, amasunga dizilo m'paipi imodzi atapanikizidwa mwamphamvu, mpaka ma bar 2,000 pa ma injini ambiri a lero, ndipo ma injector, amene amapopera dizilo m'masilinda, amatsegulidwa ndi magetsi kangapo pa kuphulika kumodzi. Palibe nthambo imene ingagwire ntchito imeneyo. N'chifukwa chake dizilo wa lero sagogoda kwambiri ndiponso salavula utsi wakuda mukamuponda.

Luso lotumiza moto pa mawaya m'malo mwa nthambo si la dzulo. BMW inaliika pa 750i ya injini ya V12 kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo m'zaka za m'ma 2000 linafalikira pafupifupi kwa opanga onse. Anakankhidwa ndi malamulo okhwima a utsi, komanso chifukwa pali mbali zina za galimoto zimene zimafunika kulankhulapo pa mphamvu ya injini. Tayala likayamba kupala m'matope, kompyuta imachepetsa moto msanga kuposa phazi la munthu aliyense. Galimoto ikayamba kutaya kumbuyo pa kona, imadula mphamvu n'kugwira buleki ya tayala limodzi. Giyabokosi ya otomatiki ikamasintha giya imapempha injini kuti ifatseko kwa kamphindi, kuti za m'kati zisamenyane.

Kuganiza kumene mukudandaula kumachokera pamenepa. Mukaponda moto mwadzidzidzi pa dizilo wa turbo, kompyuta siithira mafuta onse amene mwapempha, chifukwa mpweya wowotchera mafutawo sunafike. Turbo, imene imakankhira mpweya mu injini, imazunguzidwa ndi utsi, ndiye imafuna kanthawi kuti igwire liwiro, ndipo kompyuta imawonjezera mafuta molingana ndi mpweya umene masensa akuona. Pampu yakale inkathira mafuta ochuluka msanga, n'chifukwa chake inkaoneka yachangu, koma gawo lina la mafutawo linkatuluka kumbuyo ngati mwaye. Onjezanipo giyabokosi imene ikusankha giya yotsikirapo, komanso malire a mphamvu amene opanga ena amaika pa magiya oyambirira poteteza zitsulo za pansi, ndiye mwapeza kamphindi kaja.

Kabokosi kamene mukufunsa amakalumikiza pakati pa chopondera moto ndi kompyuta. Ntchito yake ndi kukokomeza uthenga: mwaponda pang'ono, iko kamauza kompyuta kuti mwaponda kwambiri. Galimoto imaoneka yaukali ponyamuka, koma injini sinawonjezere mphamvu ngakhale pang'ono, ndipo turbo idakafunabe nthawi yake yomwe ija. Zimene kabokosiko kamachita mungachite ndi phazi lanu pongoponda mozama. Ine sindingakaike pa pikiapu yogwira ntchito. Mukamabwerera m'mbuyo kukakola ngolo, mukamakwera chitunda cha miyala mutasenza katundu, kapena mukamatuluka m'matope, mumafuna chopondera chofatsa chimene mungachiyeze pang'onopang'ono. Komanso mwawonjezera mapulagi awiri ndi zamagetsi za wopanga wina pa mawaya amene chitetezo chonse chija chagonapo. Tina mwa timabokosi totchipa timasemphanitsa masensa aja, galimoto n'kulowa mu limp mode pakati pa ulendo.

Musanavomereze kuti ulesiwo ndi chibadwa cha galimotoyo, onetsetsani kuti si matenda. Fyuluta ya mpweya yotsekeka, fyuluta ya dizilo yakalekale, paipi ya turbo yong'ambika, sensa yoyeza mpweya imene yadetsedwa, ndi mwaye wodzaza pa valavu ya EGR imene imabwezera utsi wina mu injini, zonsezi zimabweretsa ulesi wofanana. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Ngati ndi ya otomatiki ndipo phazi lamanzere mumaligoneka pa buleki, kapena kaswitchi ka pa chopondera buleki kakunama, kompyuta imaona ngati mwaponda zonse ziwiri, ndipo magalimoto ambiri amakono zikatero amamvera buleki n'kudula moto.

Tsopano funso lalikulu, lakuti kodi ingathamange yokha. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino muidziwe yonse. Mu Ogasiti 2009, ku San Diego m'dziko la America, Lexus ES 350 inathamanga osaimika ndipo anthu 4 a banja limodzi anafa. Ofufuza anapeza kuti m'galimotomo munayalidwa kapeti ya labala ya galimoto ya mtundu wina, yokulirapo, imene inapanikiza chopondera moto pansi. Mu 2009 ndi 2010 Toyota inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ambiri chifukwa cha makapeti otere komanso zopondera zimene zinkakakamira pobwerera. Anthu ambiri ankakayikira zamagetsi, ndiye boma la America linapempha akatswiri a bungwe lake la zamlengalenga la NASA kuti afufuze. Lipoti limene linatuluka mu Febuluwale 2011 linati sanapeze vuto la zamagetsi limene likanatha kutsegula moto kwambiri chonchija. Koma nkhani sinathere pomwepo. Mu 2013, pa mlandu wa Camry ya 2005 ku Oklahoma, katswiri wa mapulogalamu Michael Barr anapereka umboni wakuti pulogalamu ya kompyuta ya injiniyo inalembedwa mosalongosoka ndipo ikanatha kulephera m'njira imene zoteteza zake sizikanaigwira. Khoti linapeza Toyota yolakwa. Mu 2014 kampaniyo inalipira boma la America madola 1.2 biliyoni chifukwa chosanena zoona pa nkhani ya makapeti ndi zopondera zija.

Mmene ndimaionera ine, mbiriyi ikuphunzitsa zinthu ziwiri ndipo zonse n'zoona. Pulogalamu imalembedwa ndi anthu, ikhoza kukhala ndi zolakwika, ndipo aliyense wokuuzani kuti kompyuta siilakwa akukunamizani. Koma pa ngozi zimene ofufuza anagwira chenicheni chimene chinachititsa, ankapeza kapeti, chopondera chokakamira, kapena phazi limene laponda moto mwini wake akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ali pa buleki. Vuto lomalizali ndi lakale kuposa kompyuta. Mu 1986 ku America kunali phokoso lomweli pa Audi 5000, galimoto imene kachitseko kake ka mpweya kankakokedwa ndi phazi mwachindunji, ndipo kafukufuku wa boma wa 1989 analoza makamaka ku kuphonya chopondera. Nthambo imene mukuisowayo nayonso inkachita dzimbiri, inkanyenyeka ulusi, inkakakamira, ndipo panalibe sensa yoti iione.

Zikakuchitikirani, kaya chachititsa n'chiyani, chochita n'chimodzimodzi. Pondani buleki mwamphamvu ndipo musachotsepo phazi. Osapopa, chifukwa kupopa kumatha mpweya umene umafewetsa buleki, makamaka pa injini ya petulo imene yatsegula moto wonse, ndipo kuponda mwa apo ndi apo kumangotenthetsa mabuleki mpaka kufooka. Ikani giya pa nyutulo, kapena pondani klatchi ngati ndi ya manyuwo. Injini ikuwa kwambiri, ilekeni ikuwe, kompyuta ili ndi malire a liwiro amene siilola kuti adutsidwe. Patukani, imani, kenako zimitsani. Musayambire kuzimitsa, chifukwa mutaya thandizo la chiwongolero ndi la mabuleki pa nthawi imene mukulifuna kwambiri, ndipo kiyi mukamutembenuza mpaka kumapeto n'kumuzula, chiwongolero chimakhoma. Ngati galimoto ndi yoliza ndi batani, kulidina kamodzi ikuyenda sikuzimitsa. Pa magalimoto ambiri muyenera kuligwira kwa masekondi pafupifupi 3, ndipo buku la galimoto yanu limanena ndendende.

Pali kuthamanga kwina kumene mwini dizilo aliyense ayenera kukudziwa, ndipo kompyuta ilibe nako mbali. Turbo ikatha, oyilo wa injini amadutsa n'kulowa m'njira ya mpweya, injini n'kuyamba kuwotcha oyilo wake womwe. Imakuwa mopitirira malire, kumbuyo kuli chiutsi choyera kapena chabuluu, ndipo ngakhale muzimitse kiyi siimva, chifukwa chimene ikudya sichikudutsa pa ma injector. Ya manyuwo mumaizimitsa mutaima: pondani buleki mwamphamvu, ikani giya yapamwamba, siyani klatchi. Ya otomatiki ilibe njira imeneyi, ndiye ikani pa nyutulo, imani, mangani handibuleki, tulukani ndipo mutalikire. Kupewa kwake ndi kwa pa ndodo yoyezera oyilo. Musadzaze kupitirira mzere, ndipo mukaona oyilo akukwera yekha m'malo motsika, dizilo akulowa mu oyilo, zimene zimachitika pa magalimoto okhala ndi fyuluta ya mwaye ya DPF amene amangoyenda timaulendo tatifupi. Zimenezo musazengereze nazo.

Tibwere ku chiwongolero. Pampu imene mukuifunayo ndi ya njira ya oyilo, imene inayamba kugulitsidwa m'magalimoto wamba ndi Chrysler Imperial mu 1951. Inali njira yabwino, koma pampuyo imazunguzidwa ndi lamba nthawi yonse imene injini ikulira, ngakhale mukuyenda pa msewu wowongoka osakhotetsa kanthu, ndipo imeneyo ndi mphamvu yotayika. Mapaipi ake ankadontha, ndipo lamba akaduka chiwongolero chinkalemera nthawi yomweyo. Njira ya mota ya magetsi inayamba ndi kagalimoto kakang'ono, Suzuki Cervo, mu 1988. Mapikiapu anachedwa kuilandira chifukwa kutsogolo kwawo n'kolemera ndipo pankafunika mota zamphamvu. Ford F-150 inailandira mu 2011, Ford Ranger mu 2015.

M'kati mwake muli chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa kuchifotokoza. Ndodo yochokera pa chiwongolero ili m'zigawo ziwiri, ndipo zigawozo zalumikizidwa ndi kandodo kopyapyala kachitsulo cholimba, kotchedwa torsion bar. Mukakhotetsa, matayala amakana, ndiye kandodoko kamapotoka pang'ono kwambiri. Sensa imayeza kupotokako, ndipo m'menemo ndi mmene kompyuta imadziwira mphamvu imene manja anu akuika ndi mbali imene akulowera. Imaphatikizapo liwiro la galimoto, n'kulamula mota kuti ikankhe nawo. Mukaima kapena mukamayenda pang'onopang'ono imathandiza kwambiri, pa liwiro lalikulu imachepetsa kuti chiwongolero chikhazikike. Kandodoko kanazunguliridwa ndi mano achitsulo amene amagwirana kupotoka kukafika pa malire, kotero ngakhale zamagetsi zonse zitafa, chitsulo chimakankha chitsulo chinzake mpaka ku matayala. Pa magalimoto ang'onoang'ono mota imakhala pansi pa dashibodi. Pa mapikiapu ambiri imakhala pansi pa galimoto, pa rack penipeni, chitsulo cha mano chimene chimakankha matayala akutsogolo kumanja kapena kumanzere.

Thandizo likachoka musayembekezere kuti chidzalemera ngati cha magalimoto akale opanda pampu. Chidzalemera kuposa pamenepo, chifukwa akalewo anali ndi chiwongolero chachikulu, matayala opyapyala ndi magiya ofuna kuzunguza kambirimbiri. Pa msewu waukulu mudzamva kusiyana kochepa. Pa kona yothina kapena poimika, mudzafunika manja onse awiri ndi mapewa omwe. Choopsa chenicheni ndi kudzidzimuka: munthu amene amayendetsa ndi zala ziwiri, thandizo likachoka pakati pa kona amaganiza kuti chiwongolero chakhoma, n'kusiya kulimbana nacho. Sichinakhome. Kokani mwamphamvu, chepetsani liwiro, patukani. Nthawi zambiri mukazimitsa n'kulizanso thandizo limabwerera, koma kubwerera kumeneko sikuchira.

Ngozi yaikulu yokhudza kutaya thandizo la chiwongolero imene ndingakukumbutseni inayambira pa kachitsulo kakang'ono. Mu 2014 General Motors inaitanitsa magalimoto mamiliyoni, kuphatikizapo Chevrolet Cobalt, chifukwa switchi ya kiyi inali yofooka. Galimoto ikagunda bampu, kapena kiyi akakhala ndi mtolo wolemera wa makiyi ena, ankatembenuka yekha, injini n'kuzima, thandizo la chiwongolero n'kuchoka, ma airbag osagwiranso ntchito. Thumba la chipepeso limene kampaniyo inakhazikitsa linavomereza imfa 124.

Chimene chimavutitsa chiwongolero cha magetsi kawirikawiri ndi njala ya magetsi. Kukhotetsa matayala a pikiapu yodzaza katundu itaima kumafuna ma ampeya makumi angapo m'kanthawi kochepa. Batire ikakhala yotopa, mitu yake itachita zoyera zija, waya wa ethi wochokera ku batire kupita ku bodi ndi ku injini atamasuka, kapena alternator, imene imadzaza batire, ikafooka, mavolti amagwa, ndipo kompyuta ya chiwongolero imadziteteza posiya ntchito. Kugwa komweko kumasokonezanso masensa a moto. Mukadzaona nyale zingapo zosagwirizana zitayaka pamodzi, ya chiwongolero, ya mabuleki a ABS, ya injini, musafulumire kukhulupirira kuti zonsezo zafa tsiku limodzi. Yambani mwayeza batire. Yabwino, itapuma usiku wonse, imaonetsa mavolti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikulira muyenera kuona pafupifupi 14, ngakhale magalimoto ena amakono amatsitsa ndi kukweza dala nambala imeneyi ali pa ulendo. Rack zambiri zodula zimasinthidwa pamene wolakwa anali waya wa ethi wa dzimbiri.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Kumapeto onse awiri a rack kuli malabala opindikapindika otchinga fumbi. Pa njira ya oyilo labala akang'ambika fumbi linkawononga za m'kati, ndipo vutolo linkadziulula ndi kudontha. Pa ya magetsi sipadontha kanthu, madzi amangolowa mwakachetechete mukawoloka mtsinje kapena mukatsuka ndi paipi yamphamvu, dzimbiri n'kuyamba m'kati. Wachitatu ndi zowonjezera za eni ake. Matayala akuluakulu, kukweza galimoto, chibampala chachitsulo ndi winchi kutsogolo, zonsezi zimasenzetsa mota katundu amene sanaikonzere. Ikatentha, kompyuta imachepetsa thandizo mpaka izizire, ndiye mukamva chiwongolero chikulemera mutakhotetsakhotetsa pamalo othina, nthawi zambiri n'zimenezo. Musazolowerenso kuchikanikiza kumapeto kwa nthawi yaitali. Ndipo mukapanga alignment kapena kusintha zitsulo za kutsogolo, funsani ngati sensa yoyeza kupendeka kwa chiwongolero aikonzanso ndi makina. Akapanda kutero, kompyuta ikhoza kumaona ngati mukukhota pamene mukuyenda mowongoka.

Chiwongolero chimene mnzanu akuchinena chilipo ndithu, koma si chimene mwagula. Infiniti Q50 ya 2013 inali yoyamba kugulitsidwa ndi chiwongolero chotumiza uthenga pa mawaya, komabe anasiyamo ndodo ndi klatchi imene imagwira yokha magetsi akalephera. Tesla Cybertruck, pikiapu imene inayamba kuperekedwa kwa ogula kumapeto kwa 2023, ilibe ndodo n'komwe. Imadalira mota ziwiri, masensa obwereza ndi magetsi a mavolti 48. Opanga zinthu zotere ali ndi muyezo wa chitetezo wotchedwa ISO 26262, umene unatuluka mu 2011, ndipo chiwongolero chimaikidwa m'gulu lokhwimitsitsa la muyezowo. Sindikayika kuti akatswiri ake anaganiza mozama. Koma pa galimoto imene idzagwire ntchito zaka 20, kudutsa m'manja mwa eni angapo, kuwoloka madzi ndi kukonzedwa kutali ndi amene anaipanga, ine ndimakondabe kuti pakhale chitsulo pakati pa manja ndi matayala.

Pamene mnzanu ali ndi mfundo yolimba ndi pa kukonza. Nthambo yoduka munthu ankailumikiza m'mbali mwa msewu n'kufika kunyumba. Sensa yakufa simungaimange ndi waya. Zina mwa zipangizozi zimafunanso kuzidziwitsa kwa kompyuta ya galimoto zisanayambe kugwira ntchito. Ndipo popeza makompyuta onse a m'galimoto amalankhulana pa mawaya amodzi, otchedwa CAN, amene kampani ya Bosch inawatulutsa mu 1986, khomo lofooka pa mbali imodzi likhoza kufikitsa munthu ku mbali ina. Mu 2015 akatswiri awiri, Charlie Miller ndi Chris Valasek, analowa mu Jeep Cherokee ali kutali kudzera pa wailesi yake yolumikizidwa ku intaneti, ndipo Fiat Chrysler inaitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni kuti itseke mpatawo.

Choncho makaniko amene mumusankhe akhale woyeza asanamasule. Pansi pa dashibodi pali soketi ya mabowo 16 ya OBD, pamene amalumikiza makina owerengera zolakwika. Akakuuzani kuti yatulutsa P2138, ndiye kuti masensa awiri a pa chopondera asemphana. P2135 kawirikawiri imaloza ku awiri a pa throttle body. Nambalayo ikunena pamene pali mkangano, siikunena kuti gulani chipangizo chatsopano. Wodziwa ntchito amaonetsa mavolti a masensa onse awiri pa makinawo, n'kumaponda pang'onopang'ono kwinaku akugwedeza mawaya ndi pulagi, kuti aone pamene nambala ikudumpha. Wongofufuta nambala n'kukubwezerani kiyi sanakonze kanthu. Akafuna kuwotcherera chitsulo pa galimotoyo achotse kaye batire, ndipo poiliza ndi batire ya galimoto ina onetsetsani kawiri kuti mawaya sanasemphane, chifukwa kulakwitsa kwa sekondi imodzi kumapsereza makompyuta.

Popeza mwagula yogwirapo kale ntchito, pali zingapo zoti muchite sabata ino. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati nyale ya injini, ya chiwongolero, ya ABS ndi ya airbag zikuyaka zonse, kenako n'kuzima injini ikalira. Imene sikuyaka n'komwe ikayikireni, chifukwa ogulitsa ena amaiphimba kuti abise vuto. Yezetsani batire ndi alternator, tsukani mitu ya batire, mangitsani mawaya a ethi. Lowani pansi mupinde malabala a rack ndi dzanja, muone ngati alibe ming'alu. Perekani nambala ya chesisi, ya zilembo ndi manambala 17, kwa oimira kampani imene inapanga galimotoyo, akuuzeni ngati pali ntchito ya kuitanitsa imene sinachitike. Kapeti ya dalaivala ikhale imodzi yokha, ya galimoto yomweyo, yokoledwa pa tizingowe take, ndipo injini itazima pondani moto mpaka pansi kangapo muone ngati chopondera chikubwerera osakhudza kanthu. Kenako pezani malo opanda anthu ndi magalimoto, muyende pang'onopang'ono, muyeserere kuponda buleki ndi kukankhira giya pa nyutulo osayang'ana pansi, mpaka dzanja lizolowere njira yake.